KUWETA TINSOMBA TATING'ONO M'THANKI LA GALASI

Alimi ambiri a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi ali ndi abale amene akhala m'makomboni a mu Lusaka, monga Mtendere, Kalingalinga, Chawama ndi Matero. Ku malo amenewo nyumba ziri zothinana, ndipo munthu sangapeze malo okumbapo dziwe la nsomba monga acitira mlimi wa kumudzi amene ali ndi dambo. Komabe nsomba zingathe kuwetedwa m'nyumba momwe, m'thanki la galasi lokwana pa tebulo. Nsomba zoweta motere siziri za ndiwo iai. Ndi zokongoletsa nyumba ndi zophunzitsira ana, ndipo zikaswana zingagulitsidwe kwa anthu ena oweta.

Nchito imeneyi iri ndi bvuto limodzi lalikulu. Munthu agula thanki, athiramo madzi a pa mpopi, naikamo nsomba tsiku lomwelo. Pasanathe masabata awiri nsomba zonse zafa, ndalama zatayika, ndipo mwini wace ayamba kunena kuti wogulitsa anamnyenga. Kawiri kawiri wogulitsa alibe mlandu. Cimene capha nsombazo ndi madzi amene sanakonzedwe. Nkhani ino ilongosola makonzedwe a thanki ndi kaikidwe ka nsomba. Mlimi wa dziwe adzapindulanso nayo, pakuti zimene zipha nsomba m'thanki ndi zomwezo zimene zipha nsomba m'dziwe, kungoti m'galasi munthu aziona ndi maso.

NSOMBA ZOYENERA

Akatswiri aika nsomba m'mabanja, ndipo banja limodzi lalikulu alicha cichlid. Cambo, makumba ndi mbuna za ku Nyanja ya Malawi, pamodzi ndi nsomba zimene anthu a mu Lusaka azicha bream, zonsezi ndi za banja limeneli. Nsomba za banjali zidziwika ndi kusamala ana ao. Zina zifungatira mazira m'kamwa, zina zilondera mazira pa mwala kapena m'dzenje kufikira ataswa. Nyanja ya Malawi iri ndi mitundu yoposa 500 ya nsomba zimenezi, ndipo ya Tanganyika iri ndi mitundu yoposa 200. Amalonda a ku Senga Bay ndi a ku Mpulungu akhala akutumiza zina za izo zamoyo pa ndege ku maiko a ku Ulaya ndi ku America, kumene anthu azigula kuti aziwete m'nyumba zao.

M'banja limeneli muli mitundu ina imene siikula kwambiri, ngakhale itakalamba. Iwiri ya mitunduyi ipezeka m'dziko la Zambia momwe, ndipo ndiyo yoyenera munthu woyamba kumene.

Mtundu woyamba uli m'Nyanja ya Tanganyika, kufupi ndi Mpulungu, ndipo dzina lace la m'mabuku ndi Neolamprologus multifasciatus. Kansomba kameneka kali pakati pa tating'ono koposa m'banja lonse. Kakamuna sikapitirira masentimita 5, ndipo kakakazi ndi kocepa kuposa apo. Thupi lace ndi lotuwa, la mizere yambiri yopingasa. Kakhala pansi pa nyanja m'zigoba za nkhono zakufa. Kagona m'cigoba, kathawira momwemo pakuona mdani, ndipo kaikira mazira momwemo.

Mtundu waciwiri ndi Pseudocrenilabrus philander, umene upezeka m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje ya Kafue ndi Zambezi. Ana ambiri a kumudzi anagwirapo nsomba imeneyi nayesa kuti ndi mwana wa bream, koma iyo siikula kupitirira utali wa cikhato ca munthu. Yaimuna iri ndi maanga owala a buluu ndi acikasu, ndi kadontho kofiira pa nsonga ya cipsepse ca kunsi. Yaikazi ifungatira mazira m'kamwa monga cambo.

M'masitolo mupezeka nthawi zina nsomba zazing'ono zocokera ku South America zochedwa Apistogramma. Ndi zokongola ndithu, koma zambiri zifuna madzi opanda laimu. Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa miyala ya laimu, yonga imene aphwanya ku fakitale ya simenti ku Chilanga, ndipo madzi a m'zitsime zace ali ndi laimu wambiri. Mai ali yense aona umboni wace m'ketulo, mmene mumera zoyera zolimba. Madzi otere abvuta nsomba za ku South America, koma ndiwo amene nsomba za ku Tanganyika zikonda, cifukwa madzi a nyanja yao alinso ndi mcere wotere wambiri. Mbuna nazo sizoyenera thanki laling'ono. Ndi zandeu, ndipo zifuna malita 200 kapena kuposa.

THANKI NDI MALO ACE

Thanki loyambira likhale la masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu wace. Lotere lilowa malita 54, ndiko kunena pafupi-fupi zigubu zitatu za malita 20. Limeneli likwanira tinsomba ta m'zigoba. Wofuna kuweta mtundu wa m'madambo apeze lokulirapo, la masentimita 80 m'litali, cifukwa yaimuna ipitikitsa zazikazi ndipo izo zifuna pothawira. Mabotolo ndi timbiya tozungulira ta galasi sitiyenera konse. Madzi ocepa aipa msanga, ndiponso azizira ndi kutentha msanga.

Mmisiri wodula magalasi angathe kupanga thanki ndi galasi la mamilimita 5 kapena 6, nalimata ndi silikoni. Woweta aonetsetse kuti silikoniyo si ya m'bafa, pakuti ya m'bafa iri ndi mankhwala oletsa nkhungu amene apha nsomba. Ikatha kumatidwa iume sabata lathunthu. Pambuyo pace thankilo lidzazidwe madzi panja ndi kukhala masiku awiri, kuti ngati lidontha lidonthere pabwalo.

Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Cotero thanki la malita 54, pamodzi ndi galasi ndi mcenga, lilemera makilogalamu pafupi-fupi 70, koposa thumba la cimanga. Tebulo lace likhale lolimba ndi losapendekeka, ndipo pansi pa galasi payalidwe kanthu kofewa. Thanki la madzi lisanyamulidwe, cifukwa ling'ambika m'makona.

Malo ace akhale owala, koma posafika dzuwa leni-leni, pakuti dzuwa limeretsa ndere ndi kutenthetsa madzi. Likhale kutali ndi mbaula ndi utsi. Pamwamba pakhale cibvundikiro, kuti nsomba zisalumphire kunja ndi kuti ana ang'ono asaponyemo zinthu. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu apha nsomba msanga koposa. Tsiku lopopera m'nyumba, pampu ya mpweya izimitsidwe ndipo thanki lonse lifunditsidwe bwino kufikira fungo litatha.

ZA M'KATI MWA THANKI

Pansi paikidwe mcenga wosalala wa ku mtsinje, wokwana masentimita 4. Utsukidwe m'ndowa kufikira madzi ace atayera, kenaka uthiridwe madzi owira. Sopo asakhudze mcenga, thanki, kapena ciwiya ciri conse ca nsomba. Nkwabwino kupatula ndowa imodzi yatsopano ya nchito imeneyi yokha.

Tinsomba ta ku Tanganyika tifuna zigoba ziwiri kapena zitatu pa kansomba kali konse. Zigoba za nkhono za kumtunda, zimene zipezeka m'minda nthawi ya dzinja, zicita bwino zikakhala za msinkhu wa dzira la nkhuku. Ziphikidwe ndi kutsukidwa kufikira mutatsala mopanda kanthu m'kati. Nkhono zamoyo za m'madambo zisalowe m'nyumba, cifukwa zina za izo ndizo zifalitsa likodzo. Nsomba za m'madambo zifuna miyala yosalala, zidutswa za miphika ya dothi ndi zomera za m'madzi zobisalamo.

Zipangizo zofunika ndi zitatu. Coyamba ndi pampu yaing'ono ya mpweya. Caciwiri ndi sefa ya siponji, imene ilumikizidwa ku pampuyo ndi kapaipi. Cacitatu ndi hita ya m'madzi ya mawati 50, pamodzi ndi kagalasi koyezera kutentha. Nsomba za ku Tanganyika zifuna madzi a madigiri 24 kufikira 27. Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo m'miyezi ya June ndi July usiku uzizira kufikira pansi pa madigiri 10. Popanda hita tinsomba timeneti tidwala ndi kufa m'nyengo yozizira. Mtundu wa m'madambo upirira kuzizira koposa, cotero ndiwo woyenera nyumba kapena sukulu yopanda magetsi, malinga nsombazo zikhale zowerengeka ndipo madzi azisinthidwa kawiri kawiri.

CIFUKWA CACE MADZI AYENERA KUKHWIMA

Madzi a pa mpopi athiridwa mankhwala a klorini kuti aphe tizirombo ta matenda monga kolera. Mankhwalawa ateteza anthu, koma aocha ziwalo zopumira za nsomba. Cotero madzi a pa mpopi akhale m'ndowa yosabvundikira masiku awiri kuti klorini auluke, kapena athiridwe mankhwala ocotsa klorini ogula ku sitolo ya nsomba. Madzi amene athiridwa klorini wa m'botolo pa nyumba asapite m'thanki tsiku lomwelo.

Coopsa cacikulu cicokera kwa nsomba zeni-zeni. Nsomba iri yonse itulutsa mankhwala ochedwa amoniya, omwe aja anunkha m'khola la nkhuku losasesa. Zakudya zotsala zikaola zitulutsanso amoniya. M'nyanja madzi ndi ambiri ndipo amoniya asungunukira kutali, koma m'thanki aunjikana kufikira nsomba zitafa ndi zonyansa zao zomwe.

Cimene cipulumutsa nsomba ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, tochedwa mabakiteriya, timene tikhala pa siponji, pa mcenga ndi pa miyala. Gulu loyamba lidya amoniya ndi kumsandutsa nitrite, amene alinso woopsa. Gulu laciwiri lidya nitrite ndi kumsandutsa nitrate, amene sapweteka nsomba akakhala wocepa. Nitrate ndi cakudya ca mbeu, comwe cija cipezeka m'mitundu ina ya feteleza wobereketsa. Thanki latsopano liribe tizirombo timeneti, ndipo titenga masabata 4 kufikira 6 kuti ticuluke mokwanira. Apa ndipo pagona cifukwa cimene nsomba zoikidwa tsiku loyamba zifera.

Tsono woweta acite motere. Aike mcenga, zigoba ndi madzi, ayatse pampu, ndipo isazime usana ndi usiku. Masiku awiri ali onse aponyemo kacakudya ka nsomba kongotsina ndi zala, ngakhale mulibe nsomba, kuti kaole ndi kudyetsa tizirombo tija. Madzi adzacita mbuu masiku oyamba, kenaka adzayera okha. Ngati mnansi ali ndi thanki lakale la nsomba zopanda matenda, woweta apemphe kuti afinyire siponji yace m'thanki latsopano. Madzi akuda otuluka m'siponjiyo ali ndi tizirombo tambiri, ndipo afupikitsa masiku odikira, monga cimera cifulumizitsa thobwa. Masitolo ena agulitsa timabotolo toyezera madzi. Timeneti tikaonetsa kuti amoniya ndi nitrite palibe, thanki lakhwima. Wopanda toyezera adikire masabata 6 athunthu.

KUIKA NSOMBA

Thanki la malita 54 liyambe ndi tinsomba ta m'zigoba 5 kapena 6, ndipo tatikazi ticuluke kuposa tatimuna. M'thanki lokulirapo lija muikidwe nsomba ya m'madambo yaimuna imodzi yokha ndi zazikazi zitatu. Zazimuna ziwiri zimenyana kufikira ina itafa. Mitundu iwiriyi isasakanizidwe m'thanki limodzi.

Pogula, munthu asankhe nsomba zocangamuka, za zipsepse zotambasuka ndi zosang'ambika, zopanda timadontho toyera pa thupi. Asagule m'thanki mmene muli nsomba yakufa. Atafika ku nyumba aike thumba la nsomba liyandame m'thanki mphindi 20 lisanamasulidwe, kuti kutentha kwa madzi kufanane. Kenaka athire madzi a m'thanki m'thumbamo pang'ono-pang'ono, katatu kapena kanai. Potsiriza aolole nsomba ndi kaukonde ndi kuziika m'thanki, ndipo madzi a m'thumba atayidwe. Tsiku loyamba nsomba zisapatsidwe cakudya.

KUDYETSA NDI KUSAMALA

Nsomba zambiri za m'thanki zifa ndi kukhuta, zowerengeka zokha ndizo zifa ndi njala. Zipatsidwe cakudya kamodzi kapena kawiri pa tsiku, cokwana kuti zicitsirize m'mphindi ziwiri. Cakudya cogula cifikisidwe ndi zala kuti cikwane m'kamwa mwa tinsomba. Nyongolotsi zodula-dula ndi mphutsi za udzudzu ndi cakudya cabwino, koma munthu asasunge madzi oima pa nyumba kuti aswetse udzudzu, pakuti kutero nkuitana malungo. Nsima, buledi ndi nyama siziyenera, cifukwa ziolera m'madzi. Nchito yodyetsa ipatsidwe kwa munthu mmodzi m'banja. Ana atatu akadyetsa yense pa nthawi yace, madzi aipa pa sabata limodzi.

Sabata liri lonse gawo limodzi la magawo anai a madzi licotsedwe ndi kapaipi kokokera zonyansa za pa mcenga. M'thanki la malita 54 ndiyo ndowa ya malita 13 kapena 14. M'malo mwace muthiridwe madzi ogona masiku awiri, osazizira kwambiri. Madzi ocotsedwawo athiriridwe pa repu kapena tomato, cifukwa ali ndi nitrate. Madzi onse asasinthidwe nthawi imodzi. Siponji ifinyidwe kamodzi pa mwezi m'madzi ocokera m'thanki momwemo. Ikatsukidwa pa mpopi, klorini apha tizirombo tothandiza tija, ndipo thanki libwerera kukhala ngati latsopano.

Nsomba zikayamba kupuma pamwamba pa madzi, kupinda zipsepse, kapena kukana cakudya, mankhwala oyamba ndi kusintha theka la madzi ndi kuleka kudyetsa tsiku limodzi. Nsomba yakufa icotsedwe pomwepo.

MAGETSI AKAZIMA

M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba, ndipo nyumba za mu Lusaka zinali kukhala maola ambiri pa tsiku popanda magetsi. Woweta nsomba ayenera kukonzekera nthawi zotere. Magetsi akazima asadyetse nsomba, pakuti nsomba yokhuta ifuna mpweya wambiri. Pa maola awiri kapena atatu ali onse atunge madzi a m'thanki ndi kapu ndi kuwathira momwemo kucokera pamwamba kambiri-mbiri, kuti mpweya ulowe. Usiku wozizira thanki lifunditsidwe bulangete, ndipo botolo la madzi ofunda lotseka bwino liyandame m'katimo. Pampu ya mabatire kapena ya sola ithandiza kwambiri. Koma citetezo coposa zonse ndi kuweta nsomba zowerengeka, cifukwa thanki lodzaza ndilo liyamba kufa.

KUSWANA

Tinsomba ta m'zigoba tikazolowera tiyamba kukumba mcenga ndi kamwa, ndi kuulabvulira kutali kufikira cigoba citakhala monga tifunira. Mwini thanki asasalaze mcengawo. Kakakazi kaikira mazira m'kati mwa cigoba, ndipo pambuyo pace tiana tioneka pa khomo la cigobaco. Makolo satidya, ndipo ana oyamba akhala pamodzi ndi obadwa pambuyo pao monga mudzi umodzi. Akaculuka, ena acotsedwe ndi kugulitsidwa kapena kupatsidwa kwa anansi.

Nsomba ya m'madambo icita mwina. Yaimuna ikumba kadzenje pa mcenga, yaikazi iikira mazira pamenepo ndi kuwatola m'kamwa. Iwasunga masabata awiri osadya kanthu, khosi lace liri lotupa. Woweta asayese kuti yadwala, ndipo asaigwire, cifukwa ikaopsedwa ilabvula mazira. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ace amvetsa cifukwa cace Boma litseka usodzi pa madzi ambiri a m'dziko kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February. Bream imodzi yaikazi yogwidwa m'nyengo imeneyo ifa pamodzi ndi ana mazana amene ali m'kamwa mwace.

LAMULO

Lamulo la za nsomba la caka ca 2011 liletsa kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko, kapena kuika nsomba zacilendo m'mitsinje ndi m'madamu, popanda cilolezo ca akulu a Dipatimenti ya za Nsomba. Lamuloli liri ndi cifukwa. Bream ya ku mtsinje wa Nile inathawa m'maiwe a alimi nilowa m'Kafue, ndipo yakhala ikusakanizana ndi bream ya madontho atatu imene iri mbadwa ya mtsinjewo. Nkhanu zacilendo za ku Australia nazo zafalikira m'Kafue ndi ku Kariba, kumene zidya nsomba zokodwa m'maukonde a asodzi. Cotero munthu wotopa ndi nsomba zace asazitaye mu mtsinje, m'damu kapena m'ngalande. Azipereke kwa woweta mnzace kapena ku sukulu.

PHUNZIRO KWA MLIMI WA DZIWE

Mlimi wa kumudzi amene sadzagula thanki atengepo mfundo zinai. Dziwe latsopano lithiridwe manyowa ndi kudikira kufikira madzi atabiriwira, nsomba zisanaikidwe. Nsomba zisaculuke koposa kukula kwa dziwe. Gaga ndi zakudya zina zisaponyedwe zoposa zimene nsomba zingathe kutsiriza. Ndipo nsomba zikaoneka zikupuma pamwamba m'mamawa, mlimi aleke kudyetsa ndi kulowetsa madzi atsopano msanga.

Nchito yoweta nsomba m'maiwe yakhala ikuphunzitsidwa m'dziko la Zambia kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo likulu la Dipatimenti ya za Nsomba liri ku Chilanga, kum'mwera kwa Lusaka. Munthu wa ku Mtendere wofuna kudziwa za cilolezo angafunse kumeneko. Aphunzitsi ndi alimi a kumidzi apite kwa Mlangizi wa za nsomba wa pa Boma lao asanagule kanthu, kuti awauze mtundu woyenera madzi a kwao ndi kumene angapeze mbeu ya nsomba yopanda matenda.